Mano Amene Anatoledwa M'chikepe

Ku mgodi kuja panalibe amene ankawaitana ndi dzina la m'mabuku. Kuyambira kapitawo mpaka mayi wosesa mu ofesi, onse ankangoti a Opena. Dzinali analitenga akadali mnyamata, atangoyamba kumene ntchito yoboola miyala, chifukwa botolo lililonse lofika patebulo pawo silinkadikira chotsekulira. Ankaliika pakona pa kamwa, n'kupotoza mutu pang'ono, chitsekerero n'kugwera m'dzanja. Mano awo analidi mano, oyera, ondondozana bwino, ndipo eni akewo ankadziwa zimenezo. Akamaseka ankayasamula kukamwa konse, ngakhale nkhaniyo ikhale yosaseketsa kwenikweni.

Ntchito ankaidziwa. Makina oboolera miyala, amene anyamata ena ankawagwira ngati akulimbana ndi ng'ombe yolusa, iwo ankawagwira modekha, phewa lili nji, ndipo dzenje linkalowa mowongoka. Anakwatira, anabereka, anakalambira pansi pa nthaka pomwepo. Mwana wawo woyamba atakula analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto zotuta miyala kumtunda, n'kukwatira mtsikana wa mu ofesi yoona za chitetezo cha antchito. Banja latsopanolo linayamba lakhala kaye m'nyumba ya makolo mpaka litapeza yakeyake m'msewu wachiwiri.

Akazi awo a Opena anawachenjeza kwa zaka zambiri. "Bambo, mano si chitsulo. Tsiku lina mudzalavulira m'dzanja chinthu china, osati chitsekerero."

"Iwe, awa ndidzapita nawo kumanda ali onse," ankayankha choncho akuseka.

Linayamba ndi dzino limodzi long'aluka. Kenako nkhama zinayamba kutupa, mano ena n'kumagwedera ngati mitengo ya mpanda wakale. Anapirira mpaka tsaya linatupa, ndiye anapempha tchuthi, n'kuuza anzawo kuti akukaona mbale wawo wodwala kutali. Kumene anapita kunali kwa dokotala wa mano, amene anazula am'mwamba pafupifupi onse ndi am'munsi angapo. Pobwerera kuntchito anali ndi mano oikirira, oyera kuposa akale aja.

"Madala, inu mano anu sakalamba!" anyamata anatero m'chikepe, chija chotsitsa anthu mumgodi.

A Opena anaseka, koma anaseka chogwira pakamwa. Mabotolo anasiya kutsekula, ati adokotala awaletsa zozizira.

Vuto linabwera ndi masiki. Woboola miyala aliyense ankavala masiki a labala, okhala ndi zosefera fumbi mbali zonse ziwiri, omangidwa ndi malamba kuseri kwa mutu. Malamba aja akakoka, labala inkakanikiza mano oikirirawo pa nkhama, ndipo makina akayamba kunjenjemera mano ankagogoda m'kamwa mpaka kutulutsa magazi. Anapirira kwa kanthawi, kenako anapeza njira yawo. Akafika pansi ankapatukira kumdima, kuseri kwa mapaipi a madzi, n'kuchotsa manowo, kuwakulunga m'kampango ndi kuwaika m'thumba la pachifuwa la ovolosi. Poweruka ankapatukiranso komweko n'kuwabwezera.

Koma popanda mano masaya ankalowa m'kati, ndipo masiki sankagwiranso nkhope. M'mbali munkatsala mpata woti chala n'kulowa. Fumbi ankalimva lili lakalaka pa lilime, ndipo poweruka pa tsaya pankakhala kamzere kotuwa kochokera m'mphepete mwa labala kulowera kumphuno. Ankakapukuta ndi mkono wa ovolosi asanafike pa kuwala.

Chaka chilichonse munthu aliyense ankaitanidwa ku ofesi ya chitetezo kukayezedwa ngati masiki ake akumukwana. Ankakuveka masiki, n'kukuvindikira kumutu ndi chithumba cha pulasitiki choonekera, kenako n'kupoperamo mankhwala owawa kwambiri. Unkatembenuza mutu uku ndi uku, kuwerama, kuyankhula. Ukamva kuwawa pa lilime ndiye kuti masikiwo akudontha. Zonse zinkalembedwa m'fayilo yako: tsiku, mtundu wa masiki, saizi yake, ndi ngati wakhoza kapena ayi. Mafayilowo ankasungidwa m'kabati yachitsulo, ndipo oyendera migodi akabwera ankayamba ndi kabatiyo asanatsike n'komwe pansi.

Bambo amene ankagwira ntchito imeneyi atapuma, anaikapo mkazi wa mwana wawo uja. A Opena ankapita kukayezedwa mano ali m'kamwa, masiki n'kugwira bwinobwino, mpongozi wawoyo n'kulemba kuti akhoza. Ankatuluka mu ofesimo akumva ngati aba nkhuku ya m'nyumba mwawo momwe.

Tsiku limene zinavuta, paipi ina inaphulika chakumapeto kwa shifiti, kapitawo n'kukuwa kuti aliyense athamangire kuchikepe. Panalibe mpata wopatukira kumdima. A Opena anathamanga ndi anzawo masiki ali kumaso, n'kupanikizana m'chikepe ngati machesi m'bokosi. Atafika kumtunda anagwira thumba la pachifuwa. Batani linali litathothoka, ndipo m'thumbamo munalibe kanthu.

Anayang'ana pansi, koma pansi panali magambutsi okhaokha. Anatsatira mzere kupita kuchipinda chobwezera nyali, ndipo asanafike pa kauntala anamva chikhakhali. Woyendetsa chikepe anali ataimirira pa benchi, dzanja lili m'mwamba, atanyamula mano ndi zala ziwiri.

"Abale, wina wasiya kamwa m'galimoto mwanga! Mwini wake abwere, asanagone ndi njala!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anati mgodi wayamba kutulutsa mano m'malo mwa miyala. Wina anati aliyense ayasamule, tione. A Opena anaima kumbuyo, thukuta likuyenderera m'kati mwa masiki.

"A Opena, nanga masiki simuvula? Tafika kale kumtunda," mnyamata wina anafunsa.

"Chimfine," anayankha, mawu akumveka ngati ochokera m'chitini. "Ndingakupatsireni."

Maso angapo anatembenukira kwa iwo, ndipo mantha anawayankhulitsa asanaganize. Pakona panali mkulu wina woyang'anira mapampu a madzi pansi pa mgodi, amene onse ankamutchula kuti a Pampu. Anali munthu wofatsa, wosayankhulayankhula, ndipo aliyense ankadziwa kuti m'kamwa mwake munatsala mano owerengeka.

"Funsani a Pampu," a Opena anatero mokweza. "Mwina anagula kuti atidzidzimutse, ndiye awapulumuka."

Chipinda chonse chinaphulikanso. A Pampu anakweza mutu, n'kuyang'ana a Opena kanthawi ndithu, kenako anapereka nyali yawo pa kauntala n'kutuluka.

Kuyambira tsiku limenelo a Pampu anasanduka a Mano Agwa. Akamalowa m'chikepe anyamata ankawauza kuti atseke pakamwa, pangagwenso china. Pa nthawi ya chakudya wina ankawafunsa ngati akufuna kuwatafunira. Mano aja anaikidwa pa shelefu m'chipinda cha nyali, ndipo wina anawalumitsa ndudu. A Opena ankadutsa pansi pa shelefuyo m'mawa ndi madzulo atavala kamasiki kansalu, akutsokomola chonamizira chimfine, ngakhale kuti chifuwa china sichinali chonamizira. Chakudya ankadyera okha kuseri kwa mapaipi. Kunyumba ankangomwa zamadzimadzi.

"Mukangopita n'kukanena kuti ndi anga, akudulani mutu?" akazi awo anafunsa.

"Iwe sukudziwa anthu aja."

"Ndikudziwa inuyo. Munthu wosalakwa akusekedwa chifukwa cha inu, ndipo inu muli phee ngati simukumva. Zimenezo ndiye zochititsa manyazi, osati chibwano chopanda mano."

Akazi awowo sankanama, koma m'mawa mwake a Opena anadutsanso pansi pa shelefu ija maso ali pansi.

Patapita masiku angapo mano aja anasowa pa shelefu. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mpongozi wawo anafika kunyumba akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Analonjerana ndi apongozi ake aakazi kukhitchini, n'kuwapatsa kaphukusi kokulunga m'pepala loyera. Mayiwo anabwera nako pabalaza, n'kukaika patebulo pamaso pa amuna awo.

"Atsuka kale ndi mankhwala," anatero. "Ndipo akuti ali nanu mawu."

A Opena anafuna nthaka itang'ambika. Anatenga kaphukusiko n'kulowa kuchipinda, ndipo anakhalako nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti avale mano. Atatuluka anapeza mpongozi wawo atakhala pa kampando ka pafupi ndi chitseko, manja ali pamaondo, akuyang'ana pansi.

"Mayi, mwatithandiza," anatero a Opena kwa mpongoziyo, akuyang'ana khoma. "Koma munadziwa bwanji?"

"Bambo, ndinakhala m'nyumba muno. Tsiku lina m'mawa ndinaona kapu pawindo la kubafa. Sindinauze munthu, ngakhale mwana wanu."

Ndiye kuti zaka zonsezi, pamene ankamwetulira pamaso pake pa tebulo, mwanayu ankadziwa.

"Chimene ndabwerera n'china, bambo," anapitiriza motsitsa mawu. "Ngati manowa anagwera m'chikepe, ndiye kuti sanali m'kamwa. Kodi pansi paja mumagwira ntchito mutawachotsa?"

"Nthawi zina."

"Nthawi zonse," akazi awo anayankhira ali pakhomo la khitchini.

Mpongoziyo anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti zimene ndakhala ndikulemba m'fayilo yanu si zoona. Ndinkayeza nkhope ina, pansi pankatsika nkhope ina. Muyenera kubwera ndidzakuyezeninso, mano mutachotsa."

"Zimenezo ayi!" a Opena anadzuka. "Ine ndikayasamule pamaso pa mkazi wa mwana wanga? Kulibe munthu wina ku ofesi kwanuko?"

"Kulibe, bambo. Ndipo mpaka muyezedwe, sindingalole kuti mutsike. Ndikauza kapitawo mawa kuti mukufunika ku ofesi. Chifukwa chake sindimuuza."

Zimene ananenazo sanabweze. Anatsanzika bwinobwino n'kumapita. A Opena anazungulira pabalaza akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe mwambo, kuti mwana wobwera dzulo m'banja akulamula munthu amene anayamba ntchito iye asanabadwe. Akazi awo anawasiya mpaka atatopa, kenako anangoti, "Mwamaliza? Malaya a mawa ndasita."

Kutacha anapita. Ofesiyo inali kachipinda kakang'ono, tebulo, mipando iwiri, kabati yachitsulo ija, ndi mabokosi a masiki osanjikizana mpaka kudenga. Mpongozi wawo anatseka chitseko, n'kukoka katani. A Opena anatembenukira kukhoma, anachotsa mano, n'kuwaika m'kapu imene anaipeza itayikidwa kale pakona pa tebulo. Atatembenuka sanathe kukweza maso.

"Pepani bambo, ndikugwirani kumaso."

Zala zake zinali zozizira. Anawaveka masiki awo akale aja, anakoka malamba, n'kuwavindikira chithumba chija. Atangopopera kamodzi, kuwawa kunadzaza m'kamwa monse ngati atafuna ndulu. Anatsokomola mpaka misozi, akukupiza dzanja kuti awavule.

Mpongoziyo anawapatsa madzi, n'kudikira kuti kuwawako kuthe. Kenako anafunsa, "Zakhala chonchi kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chichokereni kutchuthi kuja."

Mpongoziyo anatsitsa bokosi lina, anayesa masiki a mtundu wina, nawonso anadontha. Achitatu anali aang'ono, a labala yofewa, ndipo anakhala bwino pa masaya olowawo. Anapopera, a Opena anatembenuza mutu, anawerama, osamva kanthu.

"Tsopano yankhulani, bambo. Chilichonse. Tchulani masiku a pa sabata."

"Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachithanu..."

Liwu lomalizalo linatuluka ngati la kamwana kophunzira kuyankhula. Anaima. Mpongozi wawo anali akuyang'ana pa botolo lopoperalo, nkhope ili gwa, ngati sanamve chilichonse.

"Pitirizani, bambo. Mukukhoza."

Atamaliza anavala mano awo, mpongoziyo n'kukhala pa tebulo ndi fayilo. Ankawerenga mokweza chilichonse chimene ankalemba. Tsiku. Mtundu wa masiki. Saizi. Atafika pa chifukwa choyezeranso anati, "Nkhope inasintha chifukwa chochotsa mano. Amagwira ntchito opanda mano oikirira."

"Mayi, simungangolemba kuti ndaonda? Munthu amaonda."

"Bambo, fayilo iyi idzakhalapo inu ndi ine titachoka kale pano. Tsiku lina chifuwa chikadzavuta, dokotala adzatsegula pano kuti aone kuti fumbi linayamba kulowa liti. Ndikalemba zoonda, ndanamiza munthu amene adzafune kukuthandizani." Anaika cholembera pansi. "Ndiponso mlanduwu si wanu nokha. Pa pepalali pali funso lakuti kodi munthuyu ali ndi mano oikirira. Anthu ena onse ndimawafunsa. Inu ndinkangolidumpha, chifukwa ndinkachita nanu manyazi. Ndikanafunsa, bwenzi izi titazigwira kalekale. Zimenezi ndikanena ndekha kwa abwana."

"Musatero. Mudzapalamula chifukwa cha ine."

"Ndinapalamula kale, bambo."

Anakanenadi, ndipo anapatsidwa chenjezo. A Opena anazimva kwa mwana wawo, amene anabwera Loweruka n'kukhala pakhonde nthawi yaitali akungosewera ndi makiyi a galimoto. Pomaliza anati, "Ababa, mukanandiuza ine." Chiyambireni ntchito mtsikanayo anali asanadzudzulidwepo, ndipo banga lake loyamba linachokera kwa apongozi ake.

Ofesi inawatumiza kukajambulidwa m'chifuwa. Dokotala anaonetsa chithunzicho pa kuwala, n'kuloza timadontho toyera cha kumtunda kwa mapapo. Anati fumbi lija linakhazikika ndipo silingachokenso, koma likadali pang'ono, ndipo akasiya kulipuma angakhale zaka zambiri akuyenda ndi miyendo yawo. Za pansi pa mgodi anati aiwale. Masiki aang'ono aja sanawavale n'kamodzi komwe. Anawapatsa ntchito ku sitolo ya kumtunda, yopereka magambutsi, magolovesi ndi zosefera kwa anthu otsika.

Panalibe amene anaulula, koma anthu a ku mgodi sachedwa kuphatikiza. Mano asowa pa shelefu, chimfine cha a Opena chatha tsiku lomwelo, ndipo munthu wachotsedwa pa makina. Sabata isanathe nkhani inali ponseponse. Mnyamata wina anabwera pa windo la sitolo ndi botolo, n'kuliika pa kauntala mwaulemu wonse, ati madala tithandizeni. Anzake anali pambuyo akudzigwira pakamwa. A Opena anangomupatsa magolovesi ake. Kusekako kunawawa, koma sikunafike pamene ankaopa, ndipo pasanapite nthawi anthu anapeza nkhani ina.

Chimene sichinkachoka chinali cha a Pampu. Dzina lija linali litakakamira, moti ngakhale anyamata olembedwa kumene ankati a Mano Agwa osadziwa kumene linachokera. Mkuluyo akabwera pa windo kudzatenga zosefera, a Opena ankapeza chochita kuseri kwa mashelefu mpaka mnzawo wa m'sitolomo atamuthandiza. Anachita zimenezi kangapo, mpaka tsiku lina masana anaona a Pampu atakhala okha pa benchi ya kunja kwa chipinda cha nyali, akudikira basi, chipewa chili pa bondo. Anavula epuloni, n'kupita kukakhala kumapeto kwa benchiyo.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Kaya inu a kusitolo."

Galimoto yotuta miyala inadutsa, fumbi n'kukwera, n'kutsikanso.

"Mano aja anali anga," a Opena anatero.

"Ndikudziwa."

"Ee, tsopano aliyense akudziwa. Koma ine ndimati..."

"Ine ndinadziwa kale iwo asanadziwe," a Pampu anawadula mofatsa. "Kuseri kwa mapaipi kuja, kumene munkapatukira, mumaganiza kuti mapaipiwo amapita kuti? Ine ndimakhala pamenepo tsiku lonse, nyali nditazimitsa kuti batire isathe. Ndinkakuonani m'mawa uliwonse mukukulunga m'kampango."

A Opena anatembenuka n'kuwayang'ana. "Ndiye tsiku lija, m'chipinda cha nyali, bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Ine anthu anayamba kundiseka za m'kamwa ndikadali ndi tsitsi lakuda. Ndinazolowera. Inu ndinaona kuti simukanatha." Anatembenuza chipewa chija pa bondo. "Koma zinandiwawa, a Opena. Kuseka kwa anawa ayi. Chinandiwawa n'chakuti munali inuyo, munthu amene tinalowa limodzi ntchito."

"Ndinalakwa, achimwene. Pepani. Mawa m'chikepe ndikanena pamaso pa onse."

"M'chikepe simukweranso inu," a Pampu anatero, ndipo kukamwa kwawo kunaoneka ngati kukufuna kumwetulira. "Zisiyeni. Dzina likamera silizulidwa ngati dzino."

A Opena anazyolika, akuyang'ana nsapato zawo. Ankafuna atakalipiridwa, atatukwanidwa n'komwe, kuti mwina katundu apepuke, koma mkuluyo anangokhala duu akuyang'ana kumsewu. Basi inaonekera kutali pa chipata. A Pampu anadzuka pang'onopang'ono, anavala chipewa, kenako anawerama ngati munthu wofunsa zachinsinsi.

"Tandiuzani zoona. Amenewo amatafuna nyama?"

"Yofewa yokha. Yolimba amaterereka."

"Aa, ndiye n'chimodzimodzi ndi angawa," anatero a Pampu, n'kunyamula chikwama chawo kulowera kubasi.

A Opena anakhalabe pa benchipo mpaka basiyo inatuluka pa chipata. Kenako mnzawo wa m'sitolo anawaitana pa windo kuti shifiti ya masana yafika ndipo magambutsi a saizi yaikulu sakuwapeza. Anadzuka, anasasa fumbi pa thalauza, n'kubwerera kukawafuna.